Tsiro la ku Depoti

Ku koleji ya zaulimi ndinakhalako nthawi yokwanira kudziwa kumene kuli chipinda chodyera, koma yosakwanira kudziwa kumene kuli laibulale. Zotsatira za mayeso oyamba zitatuluka, aphunzitsi anandiitana n'kundiuza mwaulemu kuti dziko likufuna anthu ngati ine kumudzi, mwamsanga. Sindinafune kukhumudwitsa dziko. Ndinabwerera ndi sutikesi, tayi mmodzi, ndi mawu angapo a Chingerezi amene ndinkawatulutsa pamaliro ndi paukwati.

Tayiyo anagwira ntchito yake. Ndinakwatira mtsikana wa kufupi ndi Ulongwe, ndipo monga mwa mwambo ndinakakhala kwawo. Mkamwini kumeneko anali ndi ufulu wonse wolima, wofolera nyumba ndi wokhala chete. Ine ndi apongozi anga aakazi sitinkayang'anana kumaso, sitinkalankhulana. Tikakumana panjira mmodzi ankalowa m'chimanga, ndipo wolowayo nthawi zonse ndinali ine. Mawu athu ankadzera kwa mkazi wanga, amene ankawapeta kaye asanawapereke.

Kumadzulo kwa mudziwo, panjira ya ku Balaka, kunali depoti yakale ya kampani ina ya thonje. Eni ake anali atachoka kalekale n'kusiya makoma opanda denga, sikelo yadzimbiri ndi mulu wa migolo ya mankhwala opopera thonje, yambiri yobooka pansi. Kuseri kwa makomawo kunali pamene antchito ankatsukira mapampu. Pamalo ponsepo udzu sunkamera. Dothi lake linali lakuda, losalala bwino, lonunkha ngati palafini amene wagona kuchipatala.

Sindikudziwa mayi amene anayamba, koma pamene ine ndinkafika mudzi wonse unkadziwa kuti nyumba yozira ndi tsiro la ku depoti simukhala utitiri, nsikidzi kapena chiswe. Mphemvu ikalowa inkayenda pang'ono, n'kuima ngati yakumbukira kanthu, n'kugona chagada. Apongozi anga ndiwo anali katswiri wa tsiroli, ndipo nyumba yathu anaizira okha ndi manja awo, pansi ponse mpaka pakhonde. Unali ulemu waukulu. Akamwini anzanga anawazirira ndi dothi wamba la kudambo, ndipo ankandiyang'ana ndi nsanje uku akudzikanda. Ine m'mawa mutu unkandiwawa, koma ndinkati ndi maphunziro.

Kenaka mkazi wanga anaima. Kumeneko mimba yoyamba sitchulidwa mpaka anamkungwi atabwera kudzamulanga mwini wake. Tsikulo lisanafike mimbayo kulibe, ngakhale itayamba kutsogola polowa pakhomo.

Masana ena ndinam'peza atagwada kuseri kwa chitseko, akupala pansi ndi supuni.

“Mukutani pamenepo?”

“Ndikusesa.”

“Ndi supuni?”

“Tsache lathothoka.”

Milomo yake inali yakuda bii.

Mayi woyembekezera kudya dothi si nkhani, ambiri amakonda la pachulu. Koma mwa maphunziro onse a ku koleji, limodzi linandipeza ndili maso, chifukwa tsikulo ndinakhala pampando wothyoka. Aphunzitsi anati mankhwala ena sathera m'nthaka, amalowa m'thupi la munthu n'kukhazikika, amafika kwa mwana ali m'mimba, amatulukanso mumkaka wa m'mawere. Ndinamufotokozera mkazi wanga zonsezi. Anamvetsera bwino, supuni ili m'manja.

“Ndikudziwa kuti likununkha,” anatero. “Fungolo ndi limene likundiitana. Ndikati ndisiye, dzanja limapita lokha.”

Ndinakam'tengera dothi la pachulu. Analawa n'kunena kuti ndi lozizira ngati ndiwo zopanda mchere. Ndinabisa supuni. Anapeza mpeni. Zinaonekeratu kuti pansi pa nyumbayo payenera kuchoka, ndipo nyumba, pansi pake ndi mudzi wonse zinali za apongozi.

“Kawauzeni mayi,” ndinatero.

“Ndikawauze kuti ndikudya mphatso yawo? Akandifunsa chifukwa chake ndikayankhe chiyani? Inu ndinu ophunzira, pezani njira.”

Njira ya munthu wophunzira ndi kafukufuku. Ndinavala tayi, ndinatola zitini zakale za mkaka, ndinanyamula khasu, ulendo wa ku depoti. Ndinatapa dothi pansi pa migolo, potsukira mapampu ndi pageti, ndipo chitini china ndinali nditadzazamo kale la kudambo lofananitsira. Ndili chiweramire ndinamva belu la njinga. Anali atcheyamani a chipani a dera lathu, chifukwa masiku amenewo chipani chinali chimodzi ndipo chinkafika paliponse pamene munthu wawerama. Anayamba ndi kuona khadi langa lachipani.

“A koleji, mukutani ndi nthaka ya boma?”

“Ndikuyeza, bwana, ngati ili ndi poizoni.”

Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anatsika panjinga.

“Poizoni. M'dziko lino. Nthaka ya dziko lino ndi yachonde, zinanenedwa pa wailesi. Inu mukutsutsana ndi wailesi?”

“Iyayi, bwana. Ndikuyeza kuchuluka kwa chondecho.”

“Ndiye mwapeza zotani?”

“Chachuluka kwambiri, bwana, moti udzu ukuopa kumera.”

Anagwedeza mutu mokhutira, n'kutulutsa thumba pakaliyala kuti ndiwatapiremo la akazi awo. Ndinawauza kuti chonde chotere si chabwino m'nyumba muli ana. Anati ndisadandaule, ana awo onse ali ndi makhadi.

Kunyumba ndinaika nyongolotsi ndi chiswe m'chitini chilichonse, n'kuzindandalika pansi pa nkhokwe. Kutacha, nyongolotsi za m'dothi la pansi pa migolo zinali zitawongoka ngati misomali. Za potsukira mapampu zinali zitafanso, koma zosawongoka chotere. Za pageti zinali zamoyo, koma zinkayenda ngati kalaliki wa boma Lachisanu masana. Za kudambo zinali zathanzi kwambiri moti zinatuluka m'chitini n'kudyedwa ndi nkhuku, koma imfa imeneyo sindinaiwerengere.

Ndinasanja zitinizo palichero n'kutuma mkazi wanga kuti akaonetse mayi ake. Ine ndinaima kuseri kwa nkhokwe, malo amene mkamwini amamvera nkhani zomukhudza. Ndinamva apongozi akuseka, kenaka akuitana mng'ono wawo, naye akuseka. Mkazi wanga anabwerera lichero lili lopanda kanthu.

“Akuti zikomo kwambiri. Akuti iwo ankadziwa kale kuti tsirolo ndi lamphamvu, koma tsopano a koleji atsimikiza. Akuti labwino koposa ndi la pansi pa migolo, iwo ankangotapa potsukira. Mawa akatapa pamigolopo adzatizirire kachiwiri.”

Pofika madzulo amayi a midzi yoyandikana anali atatuma ana awo aakazi kudzafunsa kuti mgolo wake ndi uti.

M'mawa mwake ndinatulutsa mphasa ndi ziwiya zonse, ndinalowa m'nyumba ndi khasu, n'kuyamba kukumba. Mkamwini wokumba tsiro la apongozi ake amakhala wanena ndi khasu kuti ukwati wamukwana. Apongozi aamuna atamva phokosolo anasuzumira, anavala chisoti chawo n'kupita ku mzikiti ngakhale nthawi ya swala inali isanakwane. Mkazi wanga anatenga ndowa yodzaza kale n'kuthawira kuchitsime.

Apongozi aakazi anabwera. Anaima pakhonde atandifulatira, ine m'katimo ndinatembenukira kukhoma. Wotilankhulira panalibe. Panali mbuzi yokha, yomangirira pamzati wa khonde, ikubzikula.

“Mbuzi iwe,” anatero apongozi, “tawafunsa alendo athuwa. M'nyumbamo munakwiriridwa golide?”

Ndinakonza pakhosi.

“Mbuzi, uwauze mayi kuti golide mulibe. Muli mankhwala.”

“Uwauze kuti mankhwalawo ndi amene awagoneka ngati bwanamkubwa. Kwawo ankagona ndi nsikidzi zowadziwa dzina.”

Zimenezo zinali zoona, ndipo sindikudziwa anawauza ndani.

“Mbuzi, uwauze mayi kuti chimene chawongola nyongolotsi zija chingathenso kuvulaza munthu.”

“Ngwamba,” anakana m'Chiyao, monga ankachitira akakwiya. “Munthu si nyongolotsi. Nyongolotsi imadya dothi. Munthu amangopondapo.”

Apa ndinaima kaye. Kutchula mimba imene anamkungwi sanaitchule, mkamwini n'kuitchulira apongozi ake aakazi, unali mlandu woti madzulo ake ndikanapezeka pamsewu ndikuimitsa basi. Kusaitchula kunali kulola kuti mawa lake tsiro la pansi pa migolo lilowe m'nyumba. Mbuzi inandiyang'ana ngati ikudikira uthenga.

“Mbuzi, uwapemphe mayi aone kuseri kwa chitseko. Pali dzenje. Si la khoswe. Khoswe alibe supuni.”

Kenaka ndinamva mapazi akulowa, ndipo ndinakanikiza mphuno pangodya. Chitseko chinalira. Mawondo awo analira pogwada. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, ndinawamva akufwenkha dzenjelo ndi chala, akununkhiza, akulavula.

“Mbuzi,” anatero, ngakhale mbuziyo inali itatsala panja, “dzenjeli layamba liti?”

“Tisanakolole chimanga, mbuzi.”

“Ndiye a koleji anaona kuti chanzeru ndi kunditumizira nyongolotsi zakufa palichero langa lopetera mpunga.”

“Mbuzi, uwauze kuti ndinkaopa mwambo.”

“Mwambo ndi wanga, si wawo. Uwauze akumbe mpaka afike dothi lofiira, asasiyeko ngakhale kachibuma. Akatha muno apite kwanga. Mwana wangayo masana amakhala pakhonde panga, ndipo ine ndimatukwana nkhuku kuti zikundijomphera m'mphepete. Akatha kwanga apite kwa mng'ono wanga.”

Ndinakumba nyumba zonsezo. Dothilo ndinalisenza pamutu kubwezera ku depoti, kudutsa pabwalo pamene amuna ankasewera bawo, ndipo aliyense anali ndi ndemanga yake pa ubwino wa maphunziro. Ndinalikwirira m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime, n'kuunjikapo miyala ndi minga. Anamkungwi anaitanidwa msanga, ndipo mimba imene mudzi wonse unkaiona inayamba kukhalapo. Nyumba yathu apongozi anaizira ndi dothi la kudambo. Utitiri unabwera ndi abale ake.

Za nyongolotsi apongozi sanazitchulenso. Anayenda nyumba ndi nyumba kuuza amayi kuti ku depoti kwalowa majini, ndipo wotapa dothi kumeneko amabwera nawo kunyumba m'ndowa. Njira yopita kumigolo inamera thengo. Ndinatuma mkazi wanga kukawauza kuti zimenezo sizigwirizana ndi sayansi. Yankho linabwera lakuti ndikafune mbuzi ndiiuze.

Miyezi yotsalayo ndinkagona ndi mantha amene sindinkauza munthu, chifukwa zimene mkazi wanga anali atadya kale panalibe khasu lozikumba. Mwana anabadwa mvula itayamba, wamkazi, wolemera, zala zokwanira, mawu ngati a wogulitsa usipa. Atayamba kukwawa analunjika pangodya, anakanda pansi ndi chikhadabo n'kuika m'kamwa. Amayi ake anafuna kum'letsa. Ine ndinati amusiye alaweko pang'ono, dothi la kudambo limenelo ndinali nditaliyeza ndekha.