Zuhura ndi Ulusi wa Mphodza

Ku Mutorashanga mukafunsa za Zuhura, ambiri amangoyang'anizana. Koma mukati Mai Amira a tambo, ngakhale wogulitsa tomato pasiteji amakulozerani khomo. Tambo ndi mmene Ashona amatchulira zingwe, ndipo zingwe za mayi ameneyu ndi zodyedwa.

Zuhura anabadwira pakomboni ya famu ya fodya kufupi ndi Concession. Bambo ake anachokera ku Machinga ali mnyamata, n'kukalambira m'mashedi a fodya. Famuyo itagawidwa, banja lonse linayamba kudalira maricho, maganyu a m'minda ya eni ake atsopano. Zuhura anapalira, anasoka fodya, anakumba mbatatesi, mpaka anakwatiwa ndi Twaha, telala wapakhonde la sitolo ku Mutorashanga, munthu wa ndevu zosamalika amene sasowa chonena pa nkhani iliyonse.

Mwana wawo Amira atayamba sekondale, Zuhura anamva kuti kampu ina ya Matchaina okumba miyala ya kuromu ikufuna wothandiza kukhitchini. Tsiku loyamba lomwelo sanabise mawu.

"Ine ndine Msilamu. Nkhumba sindigwira, mpoto wake sinditsuka."

Wophika wa pakampupo anali Mtchaina wachikulire wamfupi amene onse ankangomutchula kuti Sekuru, agogo m'Chishona, poti dzina lake linkapinda lilime. Iye anagwedeza mutu, n'kumupatsa Zuhura mbali ya ndiwo zamasamba ndi mapoto akeake.

M'mawa wina mpunga unapserera. Zuhura anafunafuna chokwechera, ndipo pashelefu anapeza kamtolo koyera, kouma gwa, kopotana ngati waya wapulasitiki. "Anthu awa ali ndi zinthu," anatero chamumtima, n'kuyamba kukwecha mpoto m'madzi otentha. Posakhalitsa chokwecheracho chinafewa, chinayamba kuterera m'zala, kenako chinayera mbee mpaka kuonekera ngati galasi. Ntchito yangoyamba kumene, wasungunula kale katundu wa eni ake!

Sekuru atalowa n'kuona, anaseka mpaka kukhala pansi pathumba la anyezi.

"Kudya! Kudya!" anatero akuloza pakamwa. Kenako anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha tinyemba ting'onoting'ono tobiriwira.

"Aa, mphodza iyi!" Zuhura anafuula. Mayi ake ankaibzala m'mphepete mwa chimanga, mbewu yake yochokera kwawo ku Malawi. Zoti mphodza ingasanduke ulusi anali asanazilotepo.

Kuyambira tsikulo Sekuru anamuphunzitsa, kwambiri ndi manja chifukwa mawu ankawathera. Ulusiwo safuna kuuwiritsa ngati nyemba ayi. Umangouviika m'madzi ofunda mpaka ufewe, kenako n'kuuponya mumpoto ndiwo zitatsala pang'ono kupsa. Pawokha sukoma kanthu, koma umamwa msuzi uliwonse umene waupeza, kaya wa nkhuku, kaya wa adyo ndi tsabola.

Kumapeto a mwezi Sekuru anamupatsa timitolo tingapo toti akayese kunyumba. Zuhura anakazinga anyezi, tomato ndi repu, anathira ulusi uja, n'kuika mbale patsogolo pa mwamuna wake. Twaha anayang'ana nthawi yaitali.

"Amake Amira, ndinakulakwirani chiyani? Nyongolotsi izi?"

"Ndi mphodza, bambo."

"Mphodza ndimaidziwa ine. Ilibe mchira. Ndiye ndi halali zimenezi?"

"Mphodza ndi madzi basi. Kodi mphodza imafunanso kuzinga?"

Twaha ananena Bismillah mokweza kuposa masiku onse, n'kulawa. Ulusi unamupulumuka m'zala, wina unakola ndevu. Zuhura anatenga sizasi ya kushopu, anaitsuka bwinobwino, n'kuuduladula m'mbale momwemo. Apo mpamene zinayenda. Mbale inatha, ina inabwera.

Vuto la Twaha ndi loti akakonda chinthu amachikonda mopitirira. Kukiliniki anali atamuuza kuti shuga wake wakwera, achepetse sadza, nsima ya kumeneko. Tsopano anaona ngati wapeza njira yachidule. Aliyense wobwera kudzasoketsa ankamva ulaliki wa tambo: kuti ndi mphodza yeniyeni, imamanga thupi, ndiponso munthu angadye beseni lonse osaopa kanthu.

Tsiku lina masana kunabwera Sisita Albertina, namwino wa pakiliniki paja, kudzatenga diresi lake. Anapeza telala atakumbatira mbale yodzaza tho, Zuhura atakhala pambali.

"Mwaona, Sisita? Sadza ndinasiya. Pano ndi mphodza yokhayokha," Twaha ananyadira.

Albertina anapempha pepala lokutira ulusiwo, analiwerenga, n'kuseka.

"Baba Amira, mphodza yathunthu imamangadi thupi. Koma popanga izi amaitsuka n'kutengako sitachi yekha, ufa woyera uja. Zomanga thupi ndi gaga zimatsala komweko. Mafuta mulibe, tirigu mulibe, zimenezo n'zabwino. Koma kwa munthu wa shuga, mbale yotere ndi sadza lomwe lija, langovala suti."

Twaha anaika mbale pansi pang'onopang'ono. Zuhura anadzigwira pakamwa ndi mpango, mapewa okha akugwedezeka.

Koma pobwerera kunyumba nkhaniyo inamukhala Zuhura m'mutu. Ngati zabwino za mphodza zimatsala m'mbuyo, bwanji osazibwezera? Anatumiza uthenga kwa mchemwali wake ku Concession, amene ankasungabe mbewu ya mayi awo, ndipo kombi, minibasi ya kumeneko, inabweretsa kachitini kodzaza. Ina anabzala kuseri kwa nyumba, ina anaphika. Mumpoto munayamba kulowa mphodza yathunthu, masamba ambiri, dzira kapena matemba, ulusi n'kukhala wochepa. Sekuru atamva, anamuonetsanso kameretsedwe ka mphodza pansalu yonyowa, kuti timphukira take tizilowa m'ndiwo tikadali tokhutchuka. Twaha anadandaula kuti ulusi akuchita kuusaka ngati singano yogwera mumchenga, koma ankamaliza mbale, ndipo Albertina anasiya kumukalipira.

Mbiri inafalikira pa ukwati wa mwana wa mnansi wawo. Zuhura anaphika mpoto umodzi wokha pambali pa mpunga, mongoyesa. Mpoto umenewo ndi umene unayamba kutha, ndipo azimayi anamuzungulira kufunsa kuti tambozo amazigula kuti.

Miyala itachepa pamalo paja, kampu inasamuka. Sekuru anatsanzika ndi katoni ya ulusi ndi mawu amodzi a Chichewa amene anawagwira bwino, "Zikomo." Zuhura sanabwererenso ku maricho. Masiku ano dalaivala wina wa kombi amamubweretsera timitolo kuchokera ku Harare, ndipo Lachisanu lililonse anthu akatuluka kumzikiti amamupeza pafupi ndi khonde la mwamuna wake, mpoto uli pambaula. Okumba kuromu amafola ndi mbale zawo, Ashona, Achewa, Ayao, onse akuitanitsa tambo.

Chimene chikumuvutabe n'kupanga ulusiwo yekha. Mphodza ali nayo yambiri tsopano. Amaiviika, amaisinja, amasefa, ufa woyera n'kudikha pansi pa beseni monga Sekuru anafotokozera. Koma akati authire m'madzi owira kudzera m'chitini chobowola, m'malo mwa ulusi mumatuluka timibulu tonga mazira a chule. Twaha amabwera kudzasuzumira, manja kumbuyo.

"Mabowo akula, amake Amira. Ndibwere ndi singano ya makina?"

"Pitani mukasoke, bambo."

Zolephereka zonse amathira nkhuku. Pamzere wonse wa nyumba zawo palibe nkhuku zonenepa ngati za Mai Amira, ndipo iye akuti mlungu wamawa ayesanso ndi chitini china.