Ndinatsekera Mlamu Wanga M'nyumba Chifukwa cha Filimu ya Chiwanda

Abale anga, izi si zopeka ayi, ndipo zikanakhala zopeka ndikanasankha nkhani ina yondipatsa ulemu, osati iyi imene mpaka lero ndikaikumbukira nkhope imandigwa. Mayina sinditchula, koma amene munkakhala ku Domasi zaka zimenezo mwina mundizindikira, ndipo palibe kanthu, mundizindikire basi.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya ulembi mu ofesi ya sukulu ina ndipo ndinkakhala m'nyumba za ogwira ntchito. Mchimwene wanga wamng'ono, amene ndi mphunzitsi, anali atangokwatira mtsikana wa ku Naisi, ndiye atamutuma kokachonga mayeso kwa masabata awiri anandibweretsera mkazi wake kuti azikhala nane, poti ndine mchemwali wake. Mlamu wangayo anali munthu wofatsa, wa manja aukhondo, ndipo ine, poti pakamwa panga sipankatseka, ndinkamuseka kuti amayankhula ngati akuopa kudzutsa mwana.

Loweruka lina masana, mvula itagundika, mnzathu wina wa kuntchito anabwera ndi filimu pa laputopu kuti tiilumikize ku kanema wanga, poti ndiye anali wamkuluko pamzere wathu wonse. Tinasonkhana anthu asanu ndi awiri, tinatseka makatani, mbaula tinailowetsa pabalaza tikuotcha chimanga chachiwisi. Pakhonde panali bambo wina wachikulire wa kwa Malemia, kalipentala, amene ankandikonzera miyendo ya tebulo.

Filimuyo inali yochokera mu nthano za Ayuda. Akuti mzimu wa munthu amene anafa osapeza mpumulo umakakamira munthu wamoyo n'kumayankhulira m'kamwa mwake, ndipo pouchotsa amasonkhana amuna khumi, kupemphera, kuliza nyanga ya nkhosa, mpaka mzimuwo utatulukira pa kachala kakang'ono kakuphazi. Poyamba tinkangoseka. Mwini filimu ankatimasulira uku akuthira mchere wake, mayi wina anadzifunditsa chitenje kumutu n'kumasuzumira ndi diso limodzi, bambo wina, mkulu wa mpingo, ankalimbikira zoti zinthu za Ayuda sitiseweretsa chifukwa ndi anthu a m'Baibulo, pomwe mkazi wake ankamuuza kuti akhale chete, amenewo ndi anthu angodzipaka zopakapaka kumaso. Ine ndiye ndinali wolimba mtima wa gulu lonse, kumakuwa kuti chiwandacho chibwere kuno chidzadye nafe chimanga.

Itafika poti magetsi a m'filimumo akuthimathima, mlamu anandinong'oneza kuti akufuna akagone pang'ono, kuwalako kukumupweteka m'maso. Mukuganiza ndinatani? Ndinamukoka chitenje n'kumukhazika pansi, ndikuuza anthu onse kuti mkazi wa mchimwene wanga ndi wamantha. Anakhalanso pakampando kake pafupi ndi mbaula.

Sipanapite nthawi. Nyanga ija itangolira m'filimu, m'nyumba mwanga munamveka kubuula kwina, mawu okhuthala ngati a mwamuna, ndipo sankachokera ku kanema. Potembenuka tinaona mlamu atauma gwa, maso atatembenuzika, kenako phii pansi, thupi lonse likugwedezeka, thovu kukamwa. Ine maso anga anathamangira kuphazi kwake, ndipo ndinaona zala zikuphiriphitha, ndi kachala kakang'ono komwe. Ndinakuwa kuti chatuluka m'filimu, chamulowa, wina asamukhudze. Ndine ndinakuwa zimenezo, osati wina.

Zimene zinachitika pamenepo ndi zamanyazi. Mkulu wa mpingo anatuluka woyamba osavala nsapato, mayi wa chitenje anagwa pakhomo anzake n'kumudumpha, mwini filimu anasiya laputopu yake ikulirabe. Ine ndinatuluka womaliza, ndipo, Mulungu andikhululukire, ndinakoka chitseko n'kukhoma ndi kiyi kuti chinthucho chisatitsatire. Munthu wamoyo, mkazi wa mchimwene wanga, ndinamukhomera mkati ndi mbaula yamoto.

Kalipentala uja anaimirira n'kufunsa chimene chachitika, ife tonse n'kumayankha pamodzi za chiwanda titaima pamvula. Iye anasuzumira pampata wa katani, ndipo anandiuza mofatsa kuti ndimupatse kiyi. Ndinakana. Anabwerezanso, akunditchula kuti mayi, ine n'kufumbata kiyi uja pachifuwa ngati ndi mwana. Sanapemphenso kachitatu, anangotenga nyundo n'kuphwanya loko. Chitseko chitatseguka tinamva fungo la nsalu yopserera, ndi fungo lina limene sindifuna kulifotokoza. Mkono wa mlamu unali utagwera pambaula.

Bamboyo anamukoka, anazimitsa bulauzi ndi manja ake, anamugoneka chammbali, anapinda chitenje n'kumuikira kumutu, kenako anayamba kuthira madzi ozizira pabalapo. Anatiuza kuti amenewa ndi matenda a khunyu, mwana wake wamkazi anakula nawo, sapatsirana, ndipo pakatha kanthawi mtsikanayu asiya yekha kugwedezeka. Zinaterodi. Atatero anatiyang'ana tonse n'kufunsa kuti mwini wake wa mtsikanayu ndani. Ndinabisala kumbuyo kwa ena, abale. Anachita kundiloza ndi anzanga.

Tinamutengera kuchipatala pagalimoto ya mnansi, atapsa kuyambira pachigongono mpaka padzanja, ndipo adokotala nawonso anati ndi khunyu. Atatsitsimuka sankakumbukira chilichonse, ndipo munthu woyamba amene iye anamuitanitsa ndinali ine, akupepesa kuti wandisokonezera alendo. Mwina mukuti pamenepo ndinaphunzira? Ayi ndithu. Lolemba lake kuofesi anthu anali atamva kale zoti ndinakhomera mlamu m'nyumba, ndiye pofuna kudziyeretsa ndinayamba kufotokoza kuti sizinali khunyu wamba, ndinamva ndekha mawu a mwamuna, ndinaona ndekha kachala. Ndinakanena kumsika ku Songani, ndinanena mu minibasi, ndinanena kwa amayi anzanga a kutchalitchi, ndipo ulendo uliwonse nkhaniyo inkanenepa. Mlamu atatuluka m'chipatala anapeza anthu akusuntha pabenchi iye akakhala, amayi akubisa ana kumbuyo, wogulitsa tomato akumuuza kuti asagwire, angoloza.

Mchimwene wanga atabwera sanandikalipire, ndipo bola akanandimenya. Anandiuza kuti mkazi wake ali ndi matendawa kuyambira ali mwana, iye anamukwatira akudziwa, ndipo kwa zaka zambiri sanagwepo chifukwa amamwa mankhwala tsiku lililonse. Koma pobwera kwathu mankhwalawo anawasiya dala kunyumba, poopa kuti tikugona chipinda chimodzi, ndiwaona, ndipo dera lonse lidziwa dzuwa lisanalowe. Ndiye kuti mtsikanayo anasankha kuika moyo wake pachiswe kusiyana ndi kugwa m'kamwa mwanga. Atanena zimenezo anatenga chikwama cha mkazi wake n'kumapita, ndipo chaka chisanathe anapempha kuti amusamutsire kusukulu ina kutali.

Zinanditengera zaka zitatu kuti ndipite kukagwada. Ndinamupeza mlamu akuyamwitsa mwana wawo woyamba, ndipo ndisanamalize kulira anandidula. Anati za chitseko anakhululuka kalekale, chifukwa mantha amamusandutsa munthu chitsiru ndipo mwina nayenso akanathawa. Koma anati Lolemba lija mantha anali atatha, dzuwa likuwala, ine ndikudziwa bwino lomwe zimene kalipentala ndi adokotala ananena, ndiye chimene chinkayankhula m'kamwa mwanga chinali chiyani? Sanandipemphe china chilichonse kupatula chimodzi, chakuti ndibwerere kwa aliyense amene ndinamuuza bodza lija ndikamuuze zoona, ndi pakamwa pomwepo.

Lero mukandifunsa ngati ziwanda zilipo, ndikuuzani kuti zimenezo ndimasiyira abusa, ine sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku lija m'nyumba mwanga munalibe chiwanda, munali munthu wodwala ndi anthu asanu ndi mmodzi amene mitu yawo inali itadzaza kale ndi filimu. Ngakhale m'filimu momwemo akuluakulu a Chiyuda aja sanamuthawe mtsikana amene analowedwa ndi mzimu, anamuzungulira mpaka anachira, monga anadzandiuzira mwini filimu, koma ife tinatolamo mantha okhaokha. Filimu zoopsa onerani ngati mumazikonda, koma wina akati akufuna kutuluka, musiyeni atuluke. Ndipo munthu akagwa pamaso panu, chotsani moto ndi chilichonse chimene chingamupweteke, mugonekeni chammbali, musamuike kanthu m'kamwa, mukhale naye mpaka atatsitsimuka, za mizimu muzikambirana pambuyo.

Ntchito imene anandipatsa mlamu sindinaimalize. Ambiri ndinawapeza, ena anaseka, ena anati ndikungobisa za m'banja, ena anasamuka, ndipo mayi wina wa ku Songani anamwalira akukhulupirirabe zimene ndinamuuza. Ndiye ngati inu munamvapo za mkazi wa mphunzitsi amene analowedwa ndi chiwanda chochokera mu kanema ku Domasi, dziwani kuti nkhaniyo inachokera kwa ine, ndipo linali bodza. Mukawauzenso amene inu munawauza.