Galaja ya Denga Lofiira

Nkhani iyi sindinauzepo munthu wa kwathu, ngakhale mkazi wanga mpaka tsiku limene tinamuika m'manda. Ana anga amangodziwa kuti bambo awo amakonda kukwera mapiri a ku Blantyre. Chimene ndinkakafuna kumeneko sankachidziwa.

Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, kwathu kwa Kanduku kunabwera mayi wina wothawa nkhondo, ali ndi ana awiri. Tinawapatsa malo kuseri kwa khola lathu la mbuzi. Masiku amenewo ine ndinkapita ku Blantyre pa lole kukagulitsa manachesi. Tsiku lina mayiwo anandiimitsa panjira, kalata ili m'manja.

"Achimwene, mukapereke iyi kwa alongo anga. Sakudziwa kuti ndili moyo. Amagwira ntchito pagalaja ya denga lofiira, pansi pa phiri."

Umu ndi mmene makutu anga anamvera.

"Phiri lake liti, mayi?"

"Kodi ku Blantyre kuli mapiri angati?"

Ndinaseka, ndi kuika kalatayo m'thumba. Dzina la alongo awowo analitchula kamodzi, la Chipwitikizi, ndipo pofika pamlatho wa Shire linali litandithawa. Paenvulopu linalipo, koma ine sindinkatha kuwerenga, ndipo ndinkachita manyazi kuti anthu a m'tauni adziwe zimenezo. Ndinalowa m'magalaja atatu n'kumangofunsa ngati pali munthu wa ku Mozambique. Amakanika ankandiyankha ali pansi pa galimoto, mapazi okha akuoneka. Lole inaimba hutala, ndinakwera.

Mayiwo ndinawapeza akundidikira pamphambano.

"Mwapereka?"

"Ndapereka."

Liwu limodzi lokhalo. Ndinkati ndikonza paulendo wotsatira, koma munthu amene wanena kuti wapereka safunsanso njira. Mayiwo anadikira yankho dzinja, chilimwe, dzinja linanso. Nkhondo itatha anamanga katundu wawo, ndipo potsanzika anauza mkazi wanga kuti, "Alongo anga anandikana." Ine ndinali pomwepo, ndikumanga chingwe cha mbuzi chimene chinali chomanga kale.

Kalatayo inakhala pansi pa sutikesi. Sukulu ya kwacha ndinalowa imvi zitayamba, ndipo nditangodziwa kulumikiza zilembo, chinthu choyamba kuwerenga ndekha chinali envulopu ija. Panali dzina la munthu, ndipo m'munsi mwake liwu limodzi: Igreja. Ndinapukusa mutu. Wolembayu, ndinatero mumtima, galaja yamuvuta kulemba. Ndinali nditaphunzira miyezi isanu, koma ndinayamba kale kuchonga anzanga.

Mwana wanga wamkazi atakwatiwa ku Blantyre ndinapeza pogona, ndipo chaka chilichonse tikakolola ndinkapita kukamuona. Ndinaganiza motere: kwathu mbuzi ikasowa sitilowa m'tchire, timakwera pamtunda n'kuyang'ana pansi. Tauni ukamayenda m'misewu imakubisira zonse ndi mipanda. Denga silingabisike kwa munthu amene ali pamwamba.

Ndinayamba ndi phiri la Ndirande. Ndinafika pamwamba, ndipo nditatembenuka ndinaiwala kaye chimene ndinadzera. Nyumba zinali zitathithikana ngati mtedza woyanika pamphasa. Maminibasi ankayenda ngati nyerere zonyamula chakudya, ndipo phokoso lonse la tauni linkafika ngati mtsinje wakutali. Kenako ndinaona vuto langa. Madenga ofiira analipo osawerengeka, chifukwa dzimbiri nalo ndi lofiira.

Pang'ono ndi pang'ono ndinaphunzira kaonedwe kake. M'mamawa utsi wa mbaula umaphimba makomboni. Miyezi yotentha fumbi ndi utsi wa moto wolusa zimatseka zonse. Nthawi yabwino ndi pamene chiperoni changochoka, mpweya utatsukidwa, moti umatha kuona zovala zili pachingwe kutsidya kwa tauni. Galaja ndinkaizindikira ndi nthaka yakuda ndi oyilo komanso mitembo ya magalimoto itazungulira nyumba. Ndikaiona ndinkasunga m'mutu mtengo kapena thanki yapafupi, n'kutsika kukafunsa. Tsopano dzina ndinkalitchula bwinobwino. Palibe ankalidziwa.

Ku Michiru ndinaona ndege ikutera ku Chileka ili m'munsi mwanga, chinthu chimene sindinkadziwa kuti chimatheka, ndipo chakumadzulo ndinkati ndikuona mapiri akwathu. Ku Mpingwe ndinaona sitima ikutuluka mu Limbe ikudzikoka ngati bongololo. Ndiyenera kuvomera kuti kukwerako ndinayamba kukukonda. Nthawi zina ndinkatsika ndili wosangalala, n'kukumbukira ndili pakhomo kuti kalata idakali m'thumba.

"Bambo, kuphiriko kuli mayi wina kodi?" mwana wanga ankanditero akutsuka nsapato zanga. "Mutiuze tikakonzekere chinkhoswe."

Phiri la Soche ndinalisiya komaliza chifukwa lili pafupi ndi kumene iye amakhala, ndipo ndinkaganiza kuti chinthu chosowa zaka zonsezi sichingakhale pafupi. Pamwamba pake ndinapeza bambo wina wamsinkhu wanga atakhala pamwala, Baibulo lili pamwendo. Anali atabwera kudzapemphera. Malankhulidwe ake anandikumbutsa anthu a kumalire.

"Inunso mwabwera kudzapemphera, madala?" anandifunsa.

"Ayi, ndimangoona tauni."

"Pamsinkhu umenewu? Anzanu akuona tauni pa TV."

Anandisunthira malo, tinagawana chinangwa chimene ndinatenga. Anayamba kundilozera misika ndi masukulu, kenako analoza m'munsi mwenimweni mwa phirilo.

"Ndipo gereja yathu ndi iyo, ya denga lofiirayo."

Ndinayang'ana. Nyumbayo ndinali nditaiona kale kuchokera ku Ndirande, koma ndinaidumpha chifukwa bwalo lake linali losesedwa.

"Galaja yanji yopanda magalimoto?"

"Magalimoto a chiyani? Ndati gereja. Kopempherera. Inu kuno mumati tchalitchi, ife kwathu ku Tete timati gereja. Lilime langa silinasamuke."

Ndinaika chinangwa pansi. Ndinatulutsa envulopu ija, imene tsopano inali yofewa ngati nsalu, ndi kumupatsa. Anaitalikitsa ndi maso, nawerenga.

"Igreja. Analemba bwinobwino apa. Ndipo mkuluyu ndikumudziwa. Ankasesa ndi kuimba belu pamenepo zaka zambiri. Maso anafa, koma iye alipo, amakhala kuseri kwa gerejayo ndi mwana wake." Anaitembenuza envulopuyo. "Yachokera kuti imeneyi? Ikuoneka kuti yayenda pansi."

"Kwa alongo awo."

Anandiyang'anitsitsa. "Alongo awo anafera kunkhondo. Chaka chilichonse amatipempha kuti tiwakumbukire m'mapemphero, iwo ndi ana awo awiri."

Ndinkangoyang'ana denga lija. Zaka zonsezi ndinkadziona wolakwira munthu mmodzi, amene anapita akuganiza kuti anakanidwa. Sindinaganizepo za winayo, amene analira maliro a anthu amoyo, pamene iwo ankakhala kuseri kwa khola langa akudya nafe maungu. Kumene mayiwo ali lero sindikudziwa. Ndimangodziwa dzina la mudzi umene ankati akubwerera, kutsidya kwa Zobue.

Bamboyo anafuna kuti aitenge kalatayo akapereke yekha, popeza amadutsa komweko. Dzanja langa linatsala pang'ono kuvomera. Bwenzi itafika, ine osaonekera. Koma ndinaibweza m'thumba, n'kumupempha kuti andilozere njira yokha.

M'mawa mwake ndinavala jekete yanga ya Lamulungu. Mwana wanga anafunsa kuti lero ndi phiri liti, ndinamuuza kuti lero sindikwera. Ndinadutsa pabwalo losesedwa lija, ndinazungulira kuseri, ndinaodira. Mkuluyo anali pampando pakhonde akuothera dzuwa, nkhope italoza kumene kunkachokera mawu anga. Ndinagwada ngakhale mawondo ankakana, ndinaika kalatayo m'manja mwake ndi manja anga awiri, ndipo ndinati, "Yachokera kwa alongo anu. Nkhondo sinawaphe. Amene anaichedwetsa ndine, ndipo ngati mundilola kukhala pansi, ndikuuzani zonse."