Phiri la a Pilato Pathabwa

A Jailos Namakhwa anakonza makina m'fakitale ya tiyi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Makinawo anali akale, a nthawi ya azungu, ndipo chilichonse chinkayezedwa m'mainchi. Inchi inawalowa m'magazi. Ngakhale khola la nkhuku kwawo ku Chinakanaka analiyeza m'mainchi.

Atapuma pantchito, manja anakana kupuma. Anamasula wailesi yabwinobwino, kenaka njinga ya aneba. Akazi awo, a Dyna, atadandaula pafoni, mwana wawo Estele anatumiza kuchokera ku Joni laputopu yakale ndi kamakina kosema matabwa, kokwana patebulo. Munthu amajambula chinthu pakompyuta, n'kuchisamutsira ku pulogalamu ina yomwe imalamula kampeni kozungulira pofunika kukumba ndi pofunika kusiya. Miyezi inayi a Jailos ankangosema zithunzi zobwera ndi makinawo. Chawochawo anali asanayesepo.

Ndiye kunabwera nkhani ya a Pilato, akulu awo, amene anakalambira pa Likhubula akunyamulira alendo katundu kukwera phiri. Maso awo anali atafa, ndipo mwana wa a Pilatowo anati Loweruka adzawatenga akakhale ku Lilongwe, kopanda phiri ngakhale loti munthu alimve fungo. A Jailos anatsimikiza mtima kuti achimwene awo apite ndi phirilo m'manja. Analijambula lonse, mainchi khumi ndi awiri m'litali, awiri kupita m'mwamba. Thabwa linali limodzi lokha, la mlombwa, lotsala pachitseko cha nyumba ya malemu mayi awo.

Lachinayi m'mawa magetsi analipo, koma palibe ankadziwa kuti akhala mpaka liti. A Jailos ankangozungulira tebulo.

"Yambani mwayesera pathabwa lachabe, bambo a Estele," anatero a Dyna.

"Magetsi adikira zimenezo?"

Anasamutsa chojambula, anamanga mlombwa uja, n'kudina. Kamakina kanalira pangodya ya thabwa, kanatokosatokosa, ndipo mphindi zinayi zisanathe kanaima. Kamaliza. A Jailos anauzira utuchi. Pangodyapo panali kanthu ngati njere ya nyemba.

A Dyna anawerama, n'kuseka mpaka kugwira m'chiuno. "Phiri lake ndi limeneli? Akalikwera ndani, nyerere?"

A Jailos sanaseke. Thukuta linali kamukamu. Anatulutsa choyezera chawo cha kufakitale n'kuyeza kanthu kaja: mamilimita khumi ndi awiri, ndendende. Anakhala pansi. Chojambula chija chinasamuka ndi manambala okha, osanena kuti ndi a mainchi, ndipo pulogalamu ya makina, yobadwa dzana, inawawerenga ngati mamilimita.

Anaimbira Estele, sanayankhe. Anaimbanso kawiri. Kenaka anatenga pensulo kuseri kwa khutu. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, zimenezo ankazidziwa ngati dzina lawo. Anachulukitsa mbali zonse zitatu, ndipo phiri linadzaza pakompyuta, 304.8 m'litali. Thabwa linali la mainchi khumi ndi anayi, choncho malo analipo. Analisunthira phirilo kumbali pang'ono kuti lisagwere pabala paja. Ulendo uno anayamba ayendetsa kampeni m'malere, osakhudza mtengo, maso ali tong'o.

Kusema kwenikweni kunafuna maola asanu ndi anayi. Magetsi anapereka anayi Lachinayi, atatu Lachisanu. A Jailos sanadye bwino, ankangotuluka kukayang'ana waya ngati magetsiwo aoneka akubwera. Awiri otsalawo anapezeka Loweruka m'mawa, ndipo a Jailos anafika pa Likhubula pakabaza, utuchi uli m'tsitsi, galimoto yopita ku Lilongwe italira kale.

A Pilato analandira thabwalo pamiyendo. Zala zinayenda pang'onopang'ono, zikukwera, zikutsika, mpaka zinaima.

"Nsonga ya Chambe iyi," anatero. "Koma Jailos, apa pali mtsinje. Wauiwala. Alendo ako akamwa chiyani?"

"Ndinaujambula, achimwene, kampeni kanakula."

"Bodza."

Chala chinatsetserekera kungodya n'kupeza kanjere kaja.

"Nanga ichi?"

A Jailos anakanda kumutu. "Ndi lomwelo. Mmene lizionekera mukakhala ku Lilongwe."

A Pilato anaseka mpaka kutsokomola. Mwana wawo anatambasula dzanja kuti akaike thabwalo kumbuyo pamodzi ndi zikwama, koma iwo analikumbatira pachifuwa.

"Katundu uyu ndinyamula ndekha," anatero.