Misomali Inayi pa Zenera la Atelala

Alamu anga anthu amawatchula kuti a Makwerero. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu akhala akuyenda ndi makwerero paphewa, kulowa m'masiling'i a nyumba za anthu, kuyala mawaya a magetsi ndi kupachika mafani. Phewa lawo lakumanja linatsika, moti ngakhale atavala jekete la paukwati amaoneka ngati asenzabe kanthu.

Ine ndine mng'ono wa akazi awo, ndiye ndili ndi ufulu wonena zoona. Bambo amenewa anaziziritsa nyumba za anthu tauni yonse, kusiya yawo. Nyumba yawo ndi yofupika, malata ali pafupi ndi mutu, ndipo dzuwa likafika paliwombo makoma amachita kupuma moto. Achemwali anga ankadandaula chaka ndi chaka, iwo n'kumayankha kuti, "Ndikapeza mpata, amayi." Mpata unkapezeka wa nyumba za eni.

Achemwaliwo ntchito yawo inali yosoka. Mashini ankakhala pa zenera la kuchipinda, loyang'ana kumsewu, ndipo zeneralo ndilo linali shopu yawo. Nsalu zinkalowera pamenepo, madiresi ankatulukira pamenepo, miseche nayo inkadutsa pomwepo mbali zonse ziwiri. Aliyense wodutsa ankakuwa kuti "Atelala!" iwo n'kuyankha ali ndi mapini pakamwa.

Chaka chatha anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanzere zinafa, pakamwa panapotokera mbali imodzi, mawu n'kumatuluka ngati akuchita kuwakoka. Tsiku lomwe anatuluka m'chipatala, mayi wogulitsa masamba anasuzumira pa zenera monga mwa masiku onse, n'kugwira pakamwa. "Mayo ine, atelala!" Sanaganize zoipa mayi uja, koma achemwali anatembenukira kukhoma. Madzulo ake anauza amuna awo kuti akhome zenera. Alamu anakhoma misomali inayi, anapachika katani yokhuthala, nalonjeza kuti sadzalitsegula mwini wake asananene.

Ine ndinabwera kudzathandiza kwa milungu iwiri. Pano miyezi yakwana isanu ndi itatu. Kutembenuza wodwala, kumusambitsa, kuchapa zofunda, mawa kuyambiranso. Sindibisa, ndinatopa mpaka m'mafupa, ndipo masiku ena ndinkadana ndi aliyense m'nyumbamo, ngakhale mphaka.

Itafika nyengo yotentha, chipinda chija chinasanduka uvuni. Tinali ndi timafani titatu tapatebulo, koma tinkangotakasa mpweya wotentha womwewo. Achemwali ankanyowetsa pilo ndi thukuta, ndipo kumsana kwawo kunayamba tizilonda. Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, atabwera n'kuona msanawo sanafune kumva zambiri.

"Ababa, mwezi uno ukatha chipinda chino chili chonchi, amayi ndikuwatenga."

"Ukawaika kuti?"

"Kwanga. Kuli mphepo."

"Nanga ine?"

Kwa namwinoyo kuli chipinda chimodzi chogona, ndipo ndi ulendo wa theka la tsiku pa basi. Tonse tinadziwa tanthauzo lake. Anthu awiri amene sanagonepo nyumba zosiyana kwa zaka makumi anayi, kupatula masiku a kuchipatala aja, anali atatsala ndi milungu itatu.

M'mawa mwake ndinapeza alamu akuyeza nyumba ndi tepi, chipinda ndi chipinda, pensulo ili kukhutu.

"Lero mpata wapezeka, alamu?" ndinatero.

"Gwirani tepi uko, mlamu, pakamwa mupumitse."

Anandifotokozera ngati ndine kasitomala. Ankafuna fani imodzi yaikulu ya nyumba yonse, yokhala m'siling'i pakati pa kolido. Dzuwa likapendeka kunja n'kuyamba kuzizira, faniyo imakoka mpweya wabwino kudzera m'mawindo, n'kukankhira wotentha kudenga, kenako kunja. Koma kudengako kumafunika zibowo zokwanira zotulukira mpweya, apo ayi faniyo imangobuula ngati munthu wotsamwa.

Kushopu ya zamagetsi ndinapita nawo, poti maondo awo masiku ano sagwirizana ndi masitepe a basi. Mwini shopu, yemwe akhala akugulana naye zinthu kuyambira kale, anawaonetsa mafani awiri. Ina inali yaing'ono, yothamanga, yosavuta kupachika. Ina inali yaikulu, yoyendera lamba, yolemera ngati chitseko cha chitsulo.

"Tengani yaing'onoyi, a Makwerero. Msinkhu wathu uno si wokwezanso zitsulo kudenga."

"Iyatseni ndimve."

Anaiyatsa. Alamu anatseka maso, n'kupukusa mutu. "Iyi ikuimba mluzu. Wodwala sangagone." Anasankha yolemerayo, chifukwa mapiko ake amazungulira pang'onopang'ono ndipo phokoso lake ndi lapansipansi.

Ntchito inatenga masiku asanu ndi limodzi, pomwe kale akanaimaliza masiku awiri. Ankakwera kudenga m'mamawa malata asanatenthe. Anadula siling'i ndi sowo pakati pa mitanda iwiri, anakhoma matabwa ogwira faniyo, n'kuika mphira pansi pake kuti isamanjenjemeretse nyumba. Anaboola khoma la kudenga mbali zonse ziwiri n'kutchingapo sefa kuti mbalame zisalowe. Ine ntchito yanga inali kugwira makwerero ndi kupatsira zida, kwinaku ndikuthamangira kwa wodwala. Tsiku lokweza faniyo tinaikoka ndi chingwe, iwo kumwamba ine pansi, ndipo ndinawauza kuti ikandigwera adzandisamala okha pamodzi ndi akazi awo. Akatsika ankakhala pansi mu kolido, fumbi lili mbuu kumutu, kapu ya madzi ataigwira ndi manja awiri.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, dzuwa litapendeka, anatsegula mawindo a pabalaza ndi a kukhitchini, n'kudina switchi. Timapiko totsekera m'siling'i tinatseguka tokha. Makatani a pabalaza anafufuma kulowa m'nyumba, kalendala inayamba kuvina pakhoma, ndipo mphepo yozizira inandidutsa m'miyendo. Ndinatsala pang'ono kulira. Ndinathamangira kuchipinda kwa achemwali kuti ndikaone nkhope yawo.

M'chipindamo munali chimodzimodzi. Ngakhale ulusi wolendewera pa mashini aja sunagwedezeke.

Alamu anaima pakhomo. Munthu uyu wakhala akuuza makasitomala zaka zonsezi kuti fani yotere imaziziritsa chipinda chokhacho chimene zenera lake latsegulidwa, chifukwa mpweya suchoka pomwe wina sangalowe. Sanaiwale ayi. Masiku asanu ndi limodzi onse aja ankadziwa, koma ankangolimbikira kudula ndi kukhoma, poti kudula siling'i n'kosavuta kusiyana ndi kupempha mkazi wawo chinthu chimodzi chija.

"Alamu, zulani misomaliyo akagona," ndinawanong'oneza ku kolido. "Akadzuka apeza kwazizira, nkhani yatha."

"Ndinalonjeza."

"Malonjezo azizira nawo msana?"

M'malo mozula misomaliyo anataya sabata ina yathunthu akuyesa kuzemba zeneralo. Anaboola kabowo pamwamba pa khoma, pafupi ndi siling'i, koma mpweya wake unali wosakwana kuzimitsa machesi. Anatseka mawindo ena onse kuti faniyo ikoke kudzera pa kabowo kokhako, ndipo zitseko zinayamba kumenyeka zokha, fungo la m'paipi ya sinki n'kudzaza nyumba yonse. Ndinawakalipira kwambiri tsiku limenelo, mawu ena osayenera kuuza mlamu. Achemwali ankamva zonse ali chigonere, maso ali kukhoma.

Namwino anafika Loweruka lomaliza la mwezi, chakumadzulo, ndi galimoto yobwereka. Anaima pabalaza n'kumva mphepo, nkhope yake inamasuka pang'ono. Atalowa kuchipinda kwa mayi ake inabwerera mwakale. Sanakalipe. Anangotsitsa sutikesi pamwamba pa kabati.

"Mayi aang'ono, ndithandizeni kupinda zovala."

Ndinayamba kupinda. Ndinene zoona, mbali ina ya mtima wanga inkaganiza za bedi langa kwathu, ndipo ndinachita manyazi ndi maganizo amenewo.

Alamu analowa atagwira pulayala. Ndinaganiza kuti tsopano azula, koma anapita pa bedi, anagwada movutikira, maondo akulira, n'kuika pulayalayo m'dzanja labwino la akazi awo.

"Amayi, ine nzeru zandithera. Fani ndaika, ikuyenda bwino. Koma singakupezeni zenera lili chitsekere. Ine sindizula, ndinakulonjezani. Mukafuna kupita ndi mwana, pitani, kumeneko akakusamalani bwino kuposa ine. Koma nyumba ino ndaiziziritsa mochedwa, ndipo sindikufuna kuzizidwamo ndekha."

Achemwali anayang'ana pulayala, anayang'ana sutikesi. Kunja kunkamveka anthu akuweruka kuntchito, mabelu a njinga, ndi mawu a mayi wa masamba uja akuitanira malonda chapatali. Tonse tinamumva, ndipo ndinaona zala za achemwali zikufinya chitsulo chija.

Anayankhula mawu amene sindinawamve bwino. Namwino anawerama. "Mwati bwanji, amayi?"

"Mpango," anabwereza. "Wobiriwira."

Ndinaupeza m'sutikesi momwemo, pansi pa zovala zomwe ndinali nditapinda kale. Ndinawamanga kumutu monga ankamangira akamasoka, mfundo kumbali. Anati tiwakhazike tsonga, tinawatsamiritsa mapilo. Kenako anatambasula dzanja n'kubwezera pulayala kwa amuna awo.

Misomali inali italowa kwambiri, poti alamu sadziwa kukhoma mwachibwana. Wachitatu unaduka mutu, anachita kuukumba. Atakankha zenera linakana kaye, kenako linatseguka ndi kulira, fumbi la miyezi isanu ndi itatu likugwa. Katani yokhuthala ija inanyamuka n'kulowa m'chipinda, ulusi wa pa mashini unayamba kugwedezeka, ndipo mphepo inafika pa bedi.

Mayi wa masamba anali atafika pafupi, dengu lili pamutu. Anaima. Ndinapemphera mumtima kuti asagwirenso pakamwa.

"Atelala!" anakuwa. "Mwatibisala bwanji chonchi? Taonani diresi langa lija, zipi inafa kalekale."

Achemwali anatsegula pakamwa pawo popotoka paja, msewu wonse ukuona. Zinatenga nthawi kuti mawu atuluke.

"Wanenepa," anatero. "Si zipi."

Mayi uja anaseka mpaka kugwira dengu ndi manja awiri. Achemwali misozi inkatsika tsaya limodzi, koma sanatembenukire kukhoma. Namwino anaika dzanja kumsana kwa mayi ake, analisiya pamenepo kanthawi, kenako anayamba kutulutsa zovala m'sutikesi n'kumazibwezera m'kabati.

Ndinatembenuka kuti ndiwaseke alamu kuti ntchito ya masiku khumi ndi atatu yathera pa misomali inayi. Ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira mwendo wa bedi, mutu uli pafupi ndi dzanja la akazi awo, misomali ili m'manja. Anali atagona kale tulo, dzuwa lisanalowe n'komwe.