Tsiku Limene Theka la Kompyuta Linapita ku Chongwe

Kompyuta ya gulu lathu la alimi ku Kanakantapa inabwera pa galimoto ya bungwe lina lothandiza alimi, itakulungidwa m'bulangete. Tinailandira ndi nyimbo. Ine ndinali mlembi wa gulu, ndipo popeza ndinaphunzirako kutaipa ndili mtsikana ku Chipata tisanasamukire kuno, anagwirizana kuti woigwira ndikhale ine. Ena onse ankaloledwa kuiona chabe. Makiyi a kaofesi kathu ankakhala ndi anthu awiri: ine ndi wapampando, amene tonse tinkawaitana kuti ba cheya.

Miyezi ingapo inagwira ntchito osavuta. Ndinkalembamo makalata ndi maina a mamembala, madzulo n'kuifunda chitenje kuopa fumbi. Kenaka linayandikira tsiku la chionetsero cha kumunda, pamene alendo a kuboma amabwera kudzaona mbewu zathu. Ba cheya anakonza mawu oti akalankhule, masamba asanu ndi atatu. Anatenga masana atatu akundiuza zolemba, akuyendayenda manja ali kumbuyo, ndipo akafika pa mawu amene awakomera ankaima n'kunena kuti, "Apo muikepo kuti anthu aombe m'manja."

Lolemba m'mawa ndinadina batani loyatsira monga mwa masiku onse. Bokosi la pansi pa tebulo linayamba kupuma, sikirini inaonetsa chizindikiro cha kampani, kenaka inada bii. Pamwamba panatuluka mzere umodzi wa mawu oyera a Chingelezi, wonena kuti makinawo sanapeze poyambira, ndipo ndidine batani lililonse. Ndinadina limodzi. Mawu omwewo anabweranso pansi pa oyamba aja. Ndinadina lina, anabweranso. Ndinaizima, n'kudikira, n'kuiyatsanso. Ndinaona batire ya sola, inali yodzaza. Ndinakankha nthambo zonse zimene dzanja langa linafikako, koma mawu anali omwewo.

Ba cheya anandipeza thukuta lili kamukamu. Anavala magalasi, n'kuwerenga mzere uja milomo ikuyenda, kenaka anandiyang'ana.

"Mwaichita chani, ba mlembi?"

"Palibe chimene naichita. Nangoiyatsa chabe."

"Makina sakana okha," iwo anatero. "Sipichi yanga ili mukati?"

"Ili mukati."

"Itanani komiti."

Tinakumana masana omwewo m'shedi ya chimanga. Tinatsegula ndi pemphero, ndipo wopempherayo anatchula kompyuta pakati pa odwala, itatsatana ndi mkulu wina amene anali m'chipatala. Kenaka ba cheya anapereka mpata kwa bambo wina wa m'komiti amene amakonza mawailesi ndi mapampu othirira. Iwo anabwera ndi sikuludiraiva yaitali ndi burashi ya penti. Tonse tinawatsatira ku ofesi. Ananunkhiza bokosi kutsogolo ndi pamwamba.

"Siinapse," anatero.

Analimenya kakhofi m'mbali, monga amachitira ndi wailesi ikayamba kusosola, n'kuliyatsa. Mawu oyera aja anabwera. Analimenya mbali inayo. Anabweranso.

"Iyi ni vairasi," analamula motero.

Anthu awiri amene anali pafupi ndi tebulo anabwerera m'mbuyo. Mayi wina anafunsa ngati amene tagwirako tiyenera kusamba m'manja.

Titabwerera m'shedi, ba cheya anaimirira. Anati iwo safuna kuloza munthu chala, koma aliyense akudziwa kuti azimayi ali ndi chizolowezi chopukuta chilichonse ndi kansalu konyowa. Anatinso zikhadabo zazitali sizigwirizana ndi makina a masiku ano. Ine ndimalima maekala anga ndi khasu, zikhadabo ndilibe, koma ndinapezeka ndikubisa manja m'chitenje. Choipitsitsa chinali chakuti ndinali mlembi, choncho mawu ondinena ine ndemwe ndinkawalemba ndekha m'buku la misonkhano. Ndinafika kunyumba mutu ukuwawa.

Komiti inasankha kakomiti kena ka anthu atatu koti kapite ndi kompyuta kwa okonza ku Chongwe: ba cheya, okonza mawailesi aja, ndi mayi wina wamasiye amene munda wawo unachita malire ndi wanga. Mayiwo anawasankha chifukwa amadziwana ndi makondakitala a minibasi, poti amapita ndi tomato kumsika sabata iliyonse. Ine anandisiya. Anati nkhaniyo ikundikhudza.

Lachiwiri m'mawa ndinawatsegulira ofesi. Ba cheya anamasula sikirini n'kuikulunga m'chitenje.

"Nanga bokosi?" ndinafunsa.

"Mawu aoneka pati?" iwo anandifunsa.

"Pa sikirini."

"Ndiye wodwala ni uyu. Ife sitinganyamule ofesi yonse."

Ndinafuna kufotokoza, koma ndinakumbukira kuti nkhaniyo ikundikhudza. Ndinawasiya apite.

Anabwerako dzuwa litapendeka, atayera ndi fumbi la mumsewu mpaka m'nsidze. Amuna awiriwo analowa mu ofesi osandiyang'ana. Mayi aja anandikokera kuseri kwa shedi, n'kuseka mpaka kugwira khoma.

"Mwana wanga, manyazi amene naona lero! Wokonzayo ni mzimayi, wamkulu ndithu monga iwe. Anatifunsa kuti kompyuta ili kuti. Ba cheya anamuonetsa ichi. Iye anati, 'Batata, mwabweretsa windo, nyumba mwaisiya.' Analumikiza ku makina ake, chinayaka bwinobwino, kuoneka mpaka maluwa. Ba cheya anayamba kufunsa kuti sipichi yawo ili kuti."

Lachitatu anandilola kupita nawo, osati monga membala wa kakomiti, koma monga wonyamula. Bokosi linakhala pamiyendo panga njira yonse, minibasi ikulumpha m'maenje, ine ndikulikumbatira. Mayi wina amene anakhala pambali panga anandifunsa ngati ndi chofungatira mazira.

Kashopu ka wokonza kanali kumbuyo kwa msika, pakati pa telala ndi wogulitsa mankhwala a mbewu. Mayiyo anali ndi magalasi omangirira chingwe, ndipo ankadya mtedza wokazinga. Anatilonjera, "Mwabwela shani lelo, mwabwela na nyumba yonse?" Analumikiza bokosi lathu ku sikirini yake, n'kuyatsa, n'kuwerenga mzere uja kamodzi kokha. Sanatenge chida chilichonse. Anatembenuza bokosi, n'kupisa zala kumbuyo pakati pa mabowo a nthambo, n'kuzula kanthu kakuda kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu.

"Fulashi iyi ni ya ndani?"

Tinayang'anana. Mayiyo anayatsanso makina. Chizindikiro cha kampani chinabwera, timadontho tinazungulira, ndipo patangopita kanthawi chithunzi changa cha masiku onse chinaoneka, mafayilo anga onse ali m'malo mwake. Ndinakhala pa benchi.

Mayiyo anafotokoza akuyang'ana ine, poti anaona kuti ndine ndinkamvetsera. Anati kompyuta ikamadzuka imafufuza pamalo angapo motsatana kuti ipeze pulogalamu yoyambira. Yathuyi inakonzedwa kuti iziyamba yafunsa kubowo la fulashi. Ikapeza fulashi yopanda pulogalamuyo imaima pomwepo, osapitirira kukafunsa ku chosungira chake cha m'kati. Anaizimanso, n'kundionetsa batani loti ndizidina ikangoyaka, ndipo panatuluka tsamba la buluu. Anasintha kuti iziyamba ndi cha m'kati.

"Siinadwale, amai. Inangosokonezeka njira. Manje tione ngati fulashi iyi ilibe vairasi, isakuvutitseni kutsogolo."

"Siyani, siyani, nthawi yatha," anatero ba cheya, akuimirira.

Koma mayiyo anali atailowetsa kale. Pa sikirini panadzaza zithunzi. Pa chilichonse panali ba cheya atavala suti yawo ya kutchalitchi ndi tayi, ataima m'munda wa chimanga chachitali chobiriwira, pena atagwira chisononkho, pena ataloza kutali ngati munthu amene waona mvula ikubwera. Pansi pa chithunzi chimodzi wina anawalembera mawu aakulu akuti mlimi wachitsanzo.

Mayi wamasiye aja anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ba cheya, uyo si mtengo wanga wa mango? Na ichi si chidebe changa?"

Chimanga cha ba cheya chaka chimenecho tonse tinkachidziwa. Chinalekezera m'chiuno, chachikasu.

Iwo anatsokomola, n'kunena kuti monga wapampando, minda yonse ya mamembala ili pansi pa utsogoleri wawo. Anati analowa mu ofesi Lamlungu akuchokera kutchalitchi, kufuna kuona ngati zithunzizo zingaonetsedwe kwa alendo. Anafufuza bowo kumbuyo n'kulowetsa, koma batani loyatsira sanalipeze, ndipo kanthuko kanakana kutuluka chifukwa zala zawo n'zazikulu. Okonza mawailesi aja anati iwo anaziona kale kuti vuto lili cha kumbuyo, kungoti sanapatsidwe nthawi yokwanira.

Pobwerera, bokosi ananyamula ndi ba cheya. Palibe anawauza.

Pepani sindinamulandire, ndipo sindinamuyembekezere. Pa msonkhano wa Lachinayi ba cheya anauza komiti kuti chifukwa cha khama la kakomiti, ndi maulendo awiri otopetsa, kompyuta yachira. Anati vuto linali laukatswiri, lovuta kulifotokoza kwa anthu wamba. Anthu anaomba m'manja. Atanditembenukira kuti ndilembe, ndinafunsa kuti ndilembe kuti chinavuta n'chiyani kwenikweni.

"Lembani kuti fumbi," anatero motsitsa mawu.

Ndinalemba kuti fumbi.

Pa tsiku la chionetsero alendo anafika mochedwa ndipo anali pachangu, choncho ba cheya anangowerenga masamba awiri. Kenaka gulu lonse linapita kukaona munda wabwino koposa. Mwini wake, mayi wamasiye aja, anaima pakhomo pa mundawo atavala chitenje chatsopano, ndipo anayankha yekha mafunso onse a manyowa ndi katalikidwe ka mizere, ba cheya ali kumbuyo atanyamula ambulera ya mlendo.

Patapita sabata mayiwo anandipempha kuti ndiwasindikizire chimodzi cha zithunzi zija. Ndinadabwa, koma anati chikhalire palibe munthu anajambulapo munda wawo, ndipo chimanga chotere sichibwera chaka chilichonse. Ndinakawasindikizira ku Chongwe, chachikulu ndithu. Anachikhoma pabalaza pawo, pafupi ndi chithunzi cha malemu amuna awo. Alendo akafunsa kuti bambo a suti aima m'chimangawo ndani, iwo amayankha kuti ndi munthu wina amene anaima pamenepo kuti anthu aone kutalika kwa mapesi.