Tsiku limene tinapita kukapepesa ku Maryhill

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene achimwene anga, a Yamikani, anamenya mnyamata wina pamalo okwerera basi ku Maryhill, m'dziko lakunja lino limene tinasamukira. Chinali chibakera chimodzi chokha, koma mnyamatayo anagwera pasimenti n'kuthyoka chibwano. Khoti linawatulutsa pa belo, pepala lili m'manja. Zimene woweruza ananena sanazimve n'komwe, mutu unali utaima.

Pepalalo amayi analiponya pamwamba pa filiji osamaliza kuliwerenga, misozi itawatchinga m'maso. Ine, kamtsikana kosuzumira chilichonse, ndinakwera pampando n'kuliwerenga lonse. Linanena mosabisa kuti achimwene asayandikire wovulalayo kapena kumulankhula mpaka mlandu utazengedwa.

Lamlungu masana kunabwera a Phiri, mkulu wa mpingo wathu. Anakhala pasofa osavula jekete.

"Mayi, kwathu nkhani yotere sitisiyira boma," anatero. "Mwanayu akagwade yekha pamaso pa makolo a mnzakeyo. Akakhululuka, basi yatha."

Mawu anandifika pakhosi. Koma kamwana ngati ine kudula akulu pakamwa? Ndinameza malovu n'kupitiriza kuthira tiyi.

Tinanyamuka anthu anayi, kudutsa m'mbali mwa ngalande, amayi atafungatira kontena ya mandasi. Mvula inkawaza. Madzi a m'ngalandemo anali bii, osayenda. Masitepe a fulati ya anthuwo ankanunkha chinyontho ndi mankhwala okolopera.

Anatsegula chitseko ndi mayi ake a mnyamatayo. Achimwene anagwada pakhomo pomwepo. Kumbuyo kwa mayiwo ndinamuona mwiniwake, nkhope yotupa, mano atamangidwa ndi mawaya, akubwerera m'mbuyo ndi mantha. Ife tinkati tabwera kudzapepesa, iwo anaona gulu lodzaopseza mboni. Mayiwo sanakuwe. Anangotseka chitseko pang'onopang'ono, kenako tinamva akuimba foni.

Apolisi anatipeza pobwerera, tisanafike pamlatho wowolokera ngalande ija. Belo inathera pomwepo. Achimwene anadikira mlandu wawo ali m'ndende, ndipo ulendo wathu uja unasanduka mlandu wachiwiri pamwamba pa wa chibakera.

Lero ndikudziwa kuti kuno ukavulaza munthu, mlandu sukhala wa mabanja awiri ayi, umakhala wa boma, ndipo ngakhale wovulalayo atakhululuka sangaufafanize. A Phiri sankadziwa. Amayi sankadziwa. M'nyumba monse muja wodziwa zimene pepala lija linaletsa ndinali ine ndekha, koma ndinasankha kuoneka mwana waulemu. Zimandipweteka mpaka pano, ndipo achimwene sindinawauzebe.